Waya Wodutsa kwa Apongozi

Lolemba

Zatheka! Madzi akukwera okha kudimba, munthu osawerama.

Ndilembe mwadongosolo, chifukwa tsiku lina Tadala ndi ang'ono ake adzafuna kudziwa kuti bambo awo anayamba bwanji. Sola ili padenga. Batire lili kuchipinda, pansi pa tebulo. Pampu ili m'chitsime kudambo. Pakati pake pali mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, kutsetsereka kuchoka pamtunda pano mpaka kumunsi. Magetsi ake ndi a mtundu wa m'batire, oyenda mbali imodzi osabwerera. Kutsidya kwa malire uku, ku Mozambiki, kuli mawaya aakulu onyamula magetsi a mtundu womwewu mpaka ku Joni. Kusiyana kwa ine ndi anthu amenewo ndi mitengo basi. Yawo ndi yachitsulo, yanga ndi ya bulugamu.

Dimbalo si langa. Pano ndili pachikamwini, ndipo dimba ndi la apongozi, mayi ake a Naphiri mkazi wanga. Chaka chino andibwereka. Mawu awo ndi akuti kachewere wanga akachita bwino, dimba likhala lathu. Akafota, lipita kwa a Chimbalanga, mkamwini mnzanga, mwamuna wa Esinati mng'ono wake wa Naphiri. A Chimbalanga amathirira kadimba kawo ndi makeni. Makeni, m'zaka zino! Ine ndimaphunzitsa sayansi, ndipo tchuthi chino chikwana kuonetsa mudzi kuti sayansi nayo imadyetsa.

Mawuwo anandifikira kudzera kwa Naphiri, poti ine ndi apongozi sitilankhulana. Si chidani, ndi ulemu. Mudzi uno mwambo uja udakalipo. Tikakumana panjira iwo amapatukira uku, ine uku. Pakhomo pawo ndimalekezera pa mtengo wa mapichesi. Chikwatirire, chimene ndimachidziwa bwino pa iwo ndi duku ndi msana.

Zoyeza za lero, ndi mita yanga yachikasu:
- Pabatire: mavoluti 13.1
- Kudimba, pampu ili chete: 13.0
- Kudimba, pampu ikuyenda: 11.9

Pampu imayenda bola mavoluti asatsike kupyola 10.5. Malo ndili nawo ambiri!

Anthu sadziwa kuti laini siyezedwa ili chete. Ili chete, laini iliyonse ndi ngwazi. Umayeza kawiri, usanaisenzetse katundu ndiponso utaisenzetsa, ndiye uone kuti yagwa motani. Ikagwa pang'ono, ndi yolimba. Kaliyala wa njinga nayenso umamudziwa utamangapo thumba la kachewere.

Nzeru yaikulu ya lero: waya sindinamudutsitse kutchire, kumene mbava zingamudule. Ndamudutsitsa pamakomo a abale, kwa malume, kwa Esinati, kenako pansi pa denga la apongozi, nyumba yomaliza usanafike kudambo. Chigawo chimenecho wamangirira ndi Naphiri, ine ndikulozera chapatali. Tsopano aliyense ndi mlonda wa waya wanga.

Naphiri wandiyang'ana nthawi yaitali, nkungoti, "Mwaganiza bwino, bambo a Tadala." Akudziwa munthu amene anakwatiwa naye.

Lachiwiri

Kuzizira! Mphepo ya ku Chongoni yalowa mpaka m'mafupa. Dzuwa lilipo, koma la ulesi.

Kudimba, pampu ikuyenda: 11.5. Dzulo inali 11.9. Palibe chodetsa nkhawa, koma wasayansi sagona ndi funso.

Ndikutsata waya mtengo ndi mtengo. Ndafika kwa malume a Lufeyo, mlongo wawo wa apongozi, mwini mbumba yonse ino. Waya wanga wasendedwa ndi lezala ngati nzimbe! Tiwaya tiwiri tikutsika nkulowa pazenera. M'kati wailesi ikulira. Pakhonde babu likuyaka dzuwa lili gaa, chifukwa pozimitsira palibe.

Malume: "Aphunzitsi, mlonda wopanda wailesi amaodzera. Ndachita izi chifukwa cha waya wanu yemweyu."

Ndikuwafotokozera za katundu pa laini. Ndajambula pansi ndi kamtengo, batire uku, pampu uku. Akumvetsera mwachidwi, akugwedeza mutu pamalo oyenera. Kenako: "Ndamva, aphunzitsi. Kungoti mudzi uno munthu akabwera kudzapala moto sitimufunsa kuti nkhuni anatola ndani."

Ndalola. Mwasayansi, osati mwamantha. Awa ndi amene anandilandira pachinkhoswe, komanso wailesi ndi babu si katundu woti nkudandaula naye. Pamene anasendapo ndakulunga bwino ndi tepi, kuti ntchito ioneke ya munthu wophunzira.

Zoti ndichite:
- Kugula tepi wina ku Boma
- Kuuza anthu kuti waya si nzimbe
- Kuganizira dzina la kampani, chifukwa madimba a ku Kaphuka akamva adzandifuna

Kachewere ali bwino, masamba biriwiri, mizere yonyowa mpaka kumtunda. A Chimbalanga adutsa ndi makeni awo, khosi litatupa mitsempha, akuimba mluzu. Aima, ayang'ana paipi yanga ikulavula madzi, apitirira. Ndawamvera chisoni.

Lachitatu

11.2. Kenako 10.9. Kenako 11.3. Manambala pamita akuvina chimtali! Laini yolimba sichita zimenezi. Imanena chinthu chimodzi nkukhala pomwepo.

Pampu ikuyendabe, koma mawu ake asintha. Lolemba inkaimba. Lero ikudandaula, ndipo madzi akutuluka modukizadukiza.

Kwa Esinati: mphasa pakhonde, pamphasa mafoni ndandanda ngati tomato wa pamsika. Kotchajira ka m'galimoto kalumikizidwa ku waya wanga, ndi lezala lomwe lija la malume. Foni ikadzaza amachotsa, wina nkuika yake. Kuvina kwa manambala kuja ndi kumeneku.

Ndakhwimitsa nkhope ngati m'kalasi.

Esinati: "Alamu, inu ndinu amuna anga aakulu. Mukufuna mkazi wanu wamng'ono azikatchajitsa kwa amuna ena kumsika?"

Amayi onse pakhonde kuseka. Ndaseka nawo. Mlamu sumukalipira pagulu, amakuyankha zoti uzidzakumbukira mpaka Khirisimasi.

Komabe ndaika lamulo: kutchaja ndi madzulo okha, pampu ikapuma. Onse avomera msangamsanga, ena mpaka kuomba m'manja. Anthu amalemekeza munthu akamalankhula zanzeru.

A Chimbalanga ali pambali, akusoka nsapato. Foni yawo ndi yoyamba pamzere.

Tidakali pamwamba pa 10.5. Pamwamba ndi pamwamba.

Maganizo a masana: alonda achuluka, ndipo aliyense akudya kumene akulondako. Izi ndizilemba bwino kampani ikayamba, kuti antchito anga asadzalakwitse.

Naphiri akutsuka mbale akuimba nyimbo ya kwaya imene sindinaimvepo. Yokoma ndithu. Ndafunsa kuti waiphunzira kuti. Akuti, "Kwa amayi." Kenako wandifunsa ngati ndikufuna tiyi wina, chinthu chimene sachita Lachitatu.

Lachinayi

Pampu yaima! Dzuwa lili paliwombo, sola ikugwira ntchito yake, pampu yangoti ng'ooo nkukhala duu.

Kudimba: 9.8.

Sindikutekeseka. Vuto loti nkuliyeza ndi vuto loti nkulithetsa. Njira yake ndi iyi: uchotse katundu yense amene ukumudziwa, uone ngati laini ibwerere pamalo pake.

- Pampu: ndazimitsa.
- Wailesi ndi babu la malume: ndapempha, alola pokhapokha mauthenga a maliro pawailesi atatha.
- Kotchajira ka Esinati: ndazula ndekha. Mafoni ali pamphasa masana ano, ngati lamulo ladzulo linali nyimbo.

Tsopano laini iyenera kuonetsa 13. Ikuonetsa 11.4. Alipo wina akudya, ndipo akudya ndi manja awiri.

Nyumba yatsala imodzi.

Ndaima pa mtengo wa mapichesi, pamene miyendo yanga imathera. Ndikusuzumira. Pansi pa denga waya wasendedwa, tiwaya tikulowa pazenera. Pakhomo masilipasi mbwee. M'kati kwaya ikuimba, ndi magitala omwe. Nyimbo ya dzulo ya Naphiri!

Naphiri wavomera osaumirizidwa, maso ali pa nyemba zimene akusankha. "Ndi kanema uja anatumiza achimwene kuchokera ku Joni. Zaka zonsezi wakhala m'katoni, amayi akuikapo maluwa pamwamba. Ndiye waya adutse pamutu pawo, ine ndikanatani?"

Analumikiza yekha dzulo m'mawa. Tsopano amayi a mphakati, gulu lawo la kutchalitchi, amasonkhana kumeneko masana akaweruka kumadimba. Nthawi ya pampu yeniyeni. Ndipo aliyense amabwera ndi foni m'chitenje.

Mwasayansi, awa ndi malo oipitsitsa kuikapo katundu, kumapeto kwa laini, kumene waya watopa kale. Mwachikamwini, ndi malo oipitsitsanso. Kwa malume ndikhoza kupempha, kwa Esinati ndikhoza kuzula. Kwa apongozi ndikhoza kungoima pa mtengo.

Kachewere lero wagona ndi ludzu. Tsiku limodzi silipha.

Ndisaiwale kudziyamikira: vuto ndalipeza dzuwa lisanapendeke. Ena akanatha mwezi.

Lachisanu

Mizere ya kumtunda yayamba kugwetsa makutu. Dothi lang'aluka. A Chimbalanga aima pamalire, akuyang'ana dimba langa ngati munthu woyeza malaya a mnzake.

Njira ndi yapafupi: uthenga. Ndapatsa Naphiri mawu omveka bwino. Kanema azizimitsidwa dzuwa likakwera, aziyatsidwa likapendeka, apo ayi kachewere afa. Ndamuuza abwereze. Wabwereza osaphonya. Wanyamuka.

Wabwerako. "Amayi akuthokoza kwambiri kuti mwafunsa ngati magetsi akukwana. Akuti akukwana, kungoti kukhitchini kuli mdima."

Kodi ine ndinatero?

Naphiri: "Mawu anu anali aawisi, bambo a Tadala. Sindikanawapatsa amayi osaphika."

Chabwino. Ndatuma malume. Mwini mbumba, mlongo wawo, munthu woti akhoza kulankhula nawo maso ndi maso. Amvetsa zonse, mpaka anena okha kuti "katundu pa laini". Ndanyadira, chifukwa mphunzitsi amadziwika ndi ophunzira ake. Alowa m'nyumbamo dzuwa lisanakwere. Atuluka litapendeka, maso ali psuu.

"Aphunzitsi, itatha kwaya anaika filimu. Mfiti ija yagwidwa, koma mwana sanapezeke. Mawa gawo lachiwiri."

Nanga uthenga?

"Sinali nthawi yake."

Pampu lero yayenda pang'ono m'mawa, yatsokomola, yaima. Batire silikudzazanso, chifukwa likuthera m'njira. Kudimba: 9.4.

Koma mutu ukugwira! Nzeru yatsopano: swichi. Kaswichi kokoka ndi chingwe, pa tiwaya ta kwa apongozi, kobisika pansi pa denga, chingwe chake chofika pa mtengo wa mapichesi. Masana ndikoka, kanema azima, pampu iyenda. Madzulo ndikoka, kanema ayaka. Palibe uthenga, palibe mwano. Adzangoti magetsi azima, ndipo m'dziko muno palibe amene amadabwa magetsi akazima.

Chovuta ndi chimodzi: kuti ndiike swichi ndiyenera kudutsa mtengo uja. Koma mawa m'mawa amayi a mphakati akukasesa kutchalitchi. Pakhomo padzatsala nkhuku zokha.

Zotenga:
- Makwerero
- Pulayasi, tepi, swichi, chingwe
- Kawaya kotsala
- Babu loyesera
- Mtima

Naphiri sindinamuuze. Akhoza kuziphikanso.

Loweruka

Ndadutsa mtengo wa mapichesi, koyamba chikwatirire. Sikunagunde bingu. Nkhuku zangondiyang'ana.

Makwerero pakhoma. Ndakwera. Pulayasi m'kamwa, swichi m'dzanja. Ntchito ya Naphiri si yoipa kwenikweni, ndinene zoona, kungoti tepi anaumira.

Kumbuyo kwanga mawu. Matsache akukwekwereza pansi. Kuseka kwa amayi ambiri! Makiyi a tchalitchi apita ndi akatekisiti kumaliro, kusesa kwalephereka.

Kutsika sindingathe, ndikumana ndi apongozi maso ndi maso. Kukwera sindingathe, kumwamba kuli malata. Ndangouma, nkhope kukhoma, ngati buluzi. Ndikuba ndi diso limodzi: apongozi akhala pansi atandifulatira, monga mwa ulemu. Ndiye akulankhula, osati kwa ine, koma kwa amayi anzawo, mokweza kuti ndi khoma lomwe limve.

"Mwawaona? Ndi amenewo, bambo a Tadala. Sindinawatume ayi. Dzulo ndangoti kukhitchini kuli mdima, lero m'mawa ali pamakwerero. Wanga wobereka ndekha anatumiza kanema nkuiwala kuti kuno kulibe magetsi. Awa obadwa kwina ndiwo andikumbukira."

Nthungululu!

Zaka zonsezi sindinawamvepo akunditchula. Ndimayesa kuti kwa iwo ndine munthu wongobwera, wodzaza malo pamphasa ya mwana wawo. Pulayasi idakali m'kamwa. Ndakondwa, ndisabise. Ndakondwa ngati mwana wa Sitandade 1 amene wachongedwa ndi cholembera chofiira.

Swichi yabwerera m'thumba. Babu loyesera latuluka, ndi kawaya kotsala kaja. Ndatsika chafutambuyo, ndikuyenda chammbali mpaka kukhitchini kuti ndisawaone. Iwonso akutembenuka pang'onopang'ono pamene akhalapo kuti asandione. Ndalumikiza. Layaka! Nthungululu zinanso. Ntchito yaukhondo, yokulungidwa bwino, tepi osaumira.

Mayi wina: "Akamwini ena amangodziwa njira ya kumowa." Mapewa anga amva.

Masana kudimba: 8.7. Pampu yasiya ndi kudandaula komwe.

Ndabwereka makeni kwa a Chimbalanga. Andipatsa ndi manja awiri, mwaulemu, zomwe zawawa kuposa akanaseka. Chitsime, mzere, chitsime, mzere. Matope mpaka m'maondo. Msana wanga unazolowera bolodi ndi choko. Dzuwa likulowa ndathirira theka lokha, m'manja muli matuza.

Chakumtunda ndaona duku lodziwika litaima pakati pa mitengo, kenako lachoka.

Mawa ndiganiza china. Batire lachiwiri, kapena waya wonenepa. Sayansi sinathe.

Lamulungu

Msana! Pa Misa kugwada ndagwada ndekha, kudzuka wandithandiza ndi Naphiri.

Titabwerako, malume a Lufeyo ali pakhomo. Avala jekete, kukhwapa tambala wamkulu wofiira. Akhala pampando, akhosomola kawiri, kusonyeza kuti ndi nkhani ya mbumba.

Tambala ndi wochokera kwa apongozi. Uthenga wake wafika wathunthu, wosaphikidwa ndi aliyense.

"Akuti dzulo anakuonani kudambo, matope mpaka m'maondo, mtima unawapweteka. Akuti munthu amene wawalitsa mudzi asamasenze makeni ngati wosapita kusukulu. Dimba atenge a Chimbalanga kuyambira lero, ndi kachewere yemwe. Akakumba adzakupatsani thumba. Inu muziyang'anira magetsi."

Ndatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za katundu pa laini. Naphiri wandiponda chala. Ndaomba m'manja. Ndalandira tambala ndi manja awiri, matuza ndi onse. Ndathokoza.

Dimba lapita. Ndinalifuna dimba lija. Ndinali nditaona kale pamene ndidzadzale kabichi, ndi pamene ndidzaike tanki. Zikuwawa, ndipo palibe woti ndimukwiyire, chifukwa alanda mondilemekeza.

Chakumadzulo a Chimbalanga abweretsa pampu pa kaliyala, ataitsuka, ataikulunga m'thumba la feteleza. "Aphunzitsi, mwina idzagwira ntchito kwina." Ili pansi pa tebulo, pambali pa batire. Swichi idakali m'thumba la buluku. Tambala ali pakhonde, akuyang'ana aliyense ngati mwini nyumba. Za kampani ziyambe zaima kaye.

Naphiri akuti amayi afunsa kanthu kena kakang'ono. Pakati pa sabata kanema ankaphethiraphethira masana, nkhope za oimba nkumada. Akufuna kudziwa ngati zimenezo zidzachitikanso.

Ndatenga mita yanga yachikasu, ndatsika mpaka pa mtengo wa mapichesi, ndaima pamalo anga akale. Kanema akuyenda, babu la kukhitchini likuyaka, wailesi ya malume ikulira, mafoni ali pamphasa.

11.6. Ndadikira. 11.6. Ndadikiranso. 11.6, osagwedera.

Ndauza Naphiri akawauze kuti asadandaule, vuto lija ndalichotsa. Chimene chimasokoneza laini chinali pampu.